Zala Ziwiri za Alamu Anga

Alamu anga ali ndi zala zitatu zokha ku dzanja lamanja, ndipo amene ndinachititsa ndine. Sindinawamenye kapena kuwatema ndi chikwanje. Ndinangosolola kachitsulo kakang'ono n'kukaika m'thumba, kenako n'kukhala chete pamene ndinayenera kuyankhula. Inu owerenga, makamaka amene mumakonza nokha njinga zamoto pakhomo, imvani zimene ndinachita kuti musadzandifanane.

Ndine mlimi wa soya ndi mtedza m'mudzi wina pafupi ndi Mkaika, m'boma la Katete. Ndili ndi njinga yamoto imene ndimanyamulira mbewu popita kumsika, ndipo nthawi zina ndimanyamulanso anthu. Misewu yathu imadya matayala ndi tcheni, tsono kupita kwa amakaniki ku Katete pa kanthu kalikonse kunanditopetsa. Ndinayamba kukonza ndekha, ndikumasanjika njerwa pansi pa injini kuti tayala lilendewere. Chaka china soya atayenda bwino, ndinagula jeke yokwezera njinga yamoto. Ndi kathebulo kachitsulo ka miyendo yopindika. Umakalowetsa pansi pa injini, n'kuponda mkono wake ndi phazi, njinga yonse n'kukwera m'mwamba. Wogulitsayo anandisonyeza pini yonenepa yolendewera pa kaunyolo, ndipo anabwereza kawiri kuti ndikakweza njinga ndizilowetsa piniyo pabowo lake, apo ayi jekeyo itha kupindika yokha njinga ili pamwamba. Zimenezi ndinazimva bwinobwino. Sindinganame kuti sindinkadziwa.

Alamu angawo ndi aDaka, amuna a mlongo wanga Nelia. Kwawo ndi ku Sinda, koma anabwera kudzakhala pathu pano ngati mkamwini, nyumba yawo ili kuseri kwa ya amayi athu. Kunena zoona, sindinawakonde kuyambira pachiyambi. Anali munthu wamanja, wodziwa kukonza chilichonse, ndipo amayi ankawatama pamaso panga. Chitseko chikagwa, amayi ankaitana aDaka. Wailesi ikafa, aDaka. Ine mwini mbumba ndinkangomva zatha. Abale awo akabwera ankayankhula Chinsenga n'kumaseka, ine n'kumaganiza kuti akuseka ine. Kenako aDaka anagula njinga yamoto yatsopano kuposa yanga, ndipo mtima wanga unada kwambiri.

Jeke ija itafika, anabwera kudzaiona n'kuiyamikira. Ulendo woyamba anapempha, wachiwiri anapempha, wachitatu anangotuma Nelia kuti adzatenge pakhonde panga. Posakhalitsa inkakhala kwawo masiku ambiri kuposa kwanga, ndipo inkabwerako ili matope ndi oyilo. Tsiku lina ndinafuna kusintha mabuleki, ndinaipeza pabwalo pawo itanyamula njinga ya mnzawo wa mudzi wina. Ndinakalipa pamaso pa alendowo. Ndinawauza kuti pano anabwera kudzakwatira, osati kudzalowa chuma cha eni mudzi. Iwo sanakweze mawu, anangofunsa ngati chitsulo chimatha ndi kubwerekana. Anzawo aja anaseka. Nelia anatuluka m'khitchini n'kundiuza kuti ndili ndi mtima wa njiru kuyambira tili ana. Ndinatsitsa njingayo n'kunyamula jeke yanga.

Kwa masabata awiri sitinapatsane moni. Ndikanatha kuitsekera m'nyumba jekeyo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ine ndinkafuna kuti aDaka adzagwade. Loweruka lina m'mawa ndinamva akuuza amayi kuti tayala lawo lakumbuyo laphwa ndipo alichotsa tsiku lomwelo. Ndinatenga pulayala, ndinadula kaunyolo kaja, n'kuponya pini m'thumba la buluku. Jekeyo ndinaisiya pamalo pake pakhonde. Ndinkadziuza kuti akaona kuti pini palibe abwera kudzafunsa, ndipo pamenepo ndiwauza mawu onse amene ndinasunga. Koma inu owerenga, ndinalonjeza kunena zoona. Mbali ina ya mtima wanga inkalakalaka kuti njinga yonyezimirayo igwe, thanki lake lipindike, nawonso amveko kuwawa.

Dzuwa litakwera, ndili pakhonde kusenda mtedza, Nelia anabwera. Anandipatsa moni mwaulemu, koyamba chikanganire, n'kunena kuti alamu anu akupempha jeke, aibweza lero lomwe ili yoyera. Kunali kupempha ndithu, chinthu chomwe ndinkafuna chija. Ndinayankha moniwo ndi kukhosi, osadzutsa mutu. Anawerama, anainyamula pamaso panga, kaunyolo koduka kakulendewera. Pini ndinkaimva pantchafu panga. Ndinangopitiriza kusenda mtedza mpaka anapita nayo.

Sipanathe ola, ndinamva chitsulo chikumenya pansi, kenako kukuwa kwa munthu wamkulu. Ndinathamanga. Njinga inali itagwera chammbali, aDaka atagwada m'dothi, dzanja lawo litapanikizika pakati pa miyendo ya jeke imene inali itapindika ngati sizasi. Nelia ankayesa kukankha njinga yekha koma sinkasuntha. Tinainyamula tonse awiri, ine n'kukanula jeke ndi sipanala. Dzanjalo sindilifotokoza.

Pambuyo pake ndinamva mmene zinachitikira. Ataona kuti pini palibe, aDaka anaganiza kuti yagwera m'njira, ndipo pokana kudzandivutitsanso analowetsa msomali pabowopo. Pabwalo pawo ndi pamchenga, komanso pamatsetsereka pang'ono. Nati ya tayala inali itauma ndi dzimbiri, ndipo anayamba kulimbana nayo njinga ili kale m'mwamba. Atamasula, anagwira mwendo wa jeke ndi dzanja lamanja kuti apeze mphamvu yosololera tayala ndi lamanzere. Tayala litachoka njinga inapendama, msomali unapindika, zonse n'kutsika nthawi imodzi.

Ndinawanyamula pa njinga yanga, iwo pakati, Nelia kumbuyo atawakumbatira, dzanja litakulungidwa ndi chitenje. Msewu wonse wa ku Katete magazi ankadontha pa malaya anga. Tili pafupi kufika, anatsamira pamsana panga n'kunena motsitsa kuti, "Zikomo alamu, mwandithandiza." Pini inali ikadali m'thumba mwanga. Kuchipatala anayesetsa, koma zala ziwiri, chapakati ndi cholozera, zinali zitaphwanyikiratu ndipo anazidula.

Apa m'pamene ndinachita choipa choposa choyamba chija. Anthu atayamba kufunsa, mantha anandigwira, ndipo ndinayamba kuukira munthu wovulala. Ndinauza aliyense, kutchalitchi, pachigayo, pamsika, kuti aDaka ndi wosasamala, anataya pini ya jeke yanga n'kuikapo msomali ngati mwana. Ndinkati izi ndi zimene zimachitika munthu akamakonda za eni. Anthu anavomereza. Ngakhale amayi anawadzudzula atangotuluka m'chipatala. ADaka anangoweramitsa mutu n'kupepesa kwa ine, chifukwa ankakhulupirira kuti piniyo inatayikira m'manja mwawo. Nelia anasesa njira yonse yochokera kwanga kukafika kwawo, akupeta mchenga ndi manja kufunafuna, poganiza kuti anaigwetsa ndi iye. Ndinkamuonera pawindo.

Piniyo ndinalephera kuitaya, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinaichotsa m'buluku n'kuibisa m'thumba la jekete imene ndimavala popita kutchalitchi. Patapita masabata atatu, mkazi wanga anaipeza akufuna kusita. Anaiika patebulo n'kundifunsa kuti yafika bwanji mmenemo. Ndinati ndaitola panjira. Anandisonyeza kachidutswa ka unyolo kamene kanatsalira pa pini, kali ndi mano a pulayala. Ndinamukalipira kuti akatsegula pakamwa abwerere kwawo. Anandiuza kuti ndi iye amene wakhala akutsuka bala la aDaka pamodzi ndi Nelia m'mawa uliwonse, ndipo sangapitirize kutero akudziwa zimenezi. Anandipatsa mpaka Lamlungu kuti ndinene ndekha.

Lamlungu linafika, ine osanena. Titaweruka kutchalitchi tinasonkhana kwa amayi monga mwa masiku onse. Mkazi wanga anatulutsa pini pachitenje chake, anaiika pamphasa pakati pathu, n'kunena kumene anaipeza. Ndinayamba kukana, ndinamutcha wabodza, ndinati akufuna kundidanitsa ndi abale anga. Nelia anaitola, anaitembenuza, anaona podulidwa paja. Mawu ake anatuluka ozizira.

"Achimwene, ndinakupatsani moni tsiku lija. Munandiona ndikuinyamula. Ndine amene ndinakaipereka m'manja mwa amuna anga."

Pamenepo bodza linandithera. Ndinavomera, ndikumayesa kufotokoza kuti ndinkangofuna kuti adzapemphe. Nelia anaimirira n'kundiponyera piniyo pachifuwa. Ananditukwana mawu amene sindingawalembe, ndipo amayi sanamuletse. Nelia atamaliza, aDaka anamasula bandeji pang'onopang'ono n'kutambasula dzanja lija pamaso panga kuti ndilione bwino.

"Alamu, mukanangonena kuti musadzaikhudzenso, ndikanasiya. Ine ndinakupepesani pamaso pa anthu. Munalandira."

Nkhani inafika kwa akulu a mpingo, ndipo anandiimitsa kudya mgonero kwa nthawi yaitali. Anandiuza kuti ndiimirire pamaso pa mpingo n'kubweza mawu onse amene ndinafalitsa, ndipo ndinatero. Ena anauza aDaka kuti akandisumire kupolisi. Anakana, anati safuna kuti ana awo akule akudziwa kuti malume awo anamangidwa chifukwa cha atate awo. Musaganize kuti kumeneko kunali kundikhululukira. Atangokolola, anapakira katundu pa lole, anatenga Nelia ndi ana atatu, n'kubwerera ku Sinda. Amayi analira tsiku lonse, ndipo mpaka lero akandiona amangoyang'ana kumbali. Nyumba ya aDaka ija denga lake linagwa mvula yapitayi.

Dzanja lamanja ndilo limapotokola mafuta ndi kugwira buleki yakutsogolo. ADaka anayesa kukweranso njinga yawo, anagwa nayo kawiri, kenako anaigulitsa. Munthu amene ankakonzera mudzi wonse zinthu lero amavutika kumanga batani la malaya. Khasu amaligwira, koma dzuwa lisanafike pamutu dzanja limakhala litatupa.

Ndinapita ku Sinda kukapepesa. Anandipatsa mpando, anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti amva. Anangoti amva, basi. Nelia sanatuluke m'nyumba. Mwana wawo wamkazi wamkulu, amene ndinkamubereka pamsana ali wakhanda, anandibweretsera madzi, n'kuwaika pansi patali ndi ine osandiyang'ana.

Tsono inu owerenga, za chitsulo zija ndi zosavuta. Jeke imeneyi iikeni pamalo olimba ndi osalala, osati pamchenga. Manati olimba muziyamba mwawamasula njinga ili pansi. Mukakweza, lowetsani pini yake yeniyeni, ndipo ngati palibe, tsitsani njinga, musaikepo msomali kapena waya. Mangani njingayo ndi chingwe isanachoke tayala, chifukwa likangochoka imapendama, ndipo dzanja lanu lisayandikire miyendo ya jeke. Mukamabwereketsa, onetsetsani nokha kuti zonse zilipo musanapereke.

Koma zimenezi ine ndinkazidziwa zonse, ndipo sizinapulumutse munthu. Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: ngati simukufuna kuti m'bale wanu agwiritse ntchito chinthu chanu, muuzeni pamaso, ngakhale mukangane mpaka mudzi wonse umve. Mkangano wapakamwa anthu amauiwala. Musamutchere msampha n'kumadzinamiza kuti mukungomuphunzitsa, chifukwa simudziwa pamene dzanja lake lidzakhale. Ndipo mukalakwa, nenani tsiku lomwelo. Mwina Nelia akanandikhululukira za pini, koma masabata atatu amene anakhala akudziimba mlandu ine ndikuonerera, amenewo sadzawaiwala.

Masiku ano amayi akudwaladwala, ndipo Nelia amabwera kudzawaona kamodzi pamwezi. Asananyamuke ku Sinda amaimbira foni mkazi wanga kufunsa tsiku limene ndikupita kumsika ku Katete. Mkazi wanga amandiuza, ndipo tsikulo ndimalawirira ngakhale ndilibe chokagulitsa, n'kukakhala pansi pa mtengo mpaka atandiimbira kuti mlongo wanga wapita.