Anati Asadye Kanthu

Mayi a kunyumba kwanga anayamba kumva m'mimba tikukumba kachewere ku Domwe. Munkapota, kuleka, kupotanso. Tsiku lachiwiri mimba inatupa, anasanza zobiriwira, kuchimbudzi osapita, ngakhale mpweya wokha sunkatuluka. Tinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, mpaka kuchipatala.

Ine pepala sinditaya. M'chikwama changa munali lija anatipatsa ku Malawi tili othawa nkhondo, pamene anawang'amba pobadwa mwana wathu wotsiriza. Dotolo analiwerenga, nayang'ana chipsera, nati gwero ndi lomwelo: bala lakale linapola ndi timinofu tomata mkati, tsopano tamanga thumbo laling'ono, chakudya chikusowa podutsa. Anawalowetsa kapaipi m'mphuno kokoka zam'mimba, madzi a m'botolo a soro pamkono, nalamula kuti asadye kapena kumwa kanthu. Thumbolo likapanda kumasuka lokha, awang'ambanso. Ndinapempha kuti lamulolo alilembe. Analemba, ine ndinamata pepalalo kumutu kwa bedi.

Masiku awiri ndinakhala mlonda wa pakamwa pa mkazi wanga. Tsiku lachitatu anafika alamu anga, akulu awo a mayi, ndi kambale kokulunga m'chitenje.

"Alamu, mukufuna afe ndi njala? Madzi a m'botolo awa ndi chakudya?"

"Werengani apo," ndinatero.

"Inu ndi mapepala anu! Kwathu wodwala sitimuona chimanjamanja."

Ndinapita kukaitana namwino kuti awauze yekha. Pobwera naye tinapeza masipuni anayi a phala atalowa kale. Mayi anandiyang'ana mwamanyazi, nati, "Bambo, ndangolawa." Anasanza mpaka kutsamwa.

Anawang'amba tsiku lomwelo. Dotolo anati chigawo cha thumbo chinali chitafa kale, mwina phalalo lisanabwere n'komwe. Ndinamufunsa kawiri ngati ndi phala, kawiri konse anati sanganene. Mayi anatisiya patapita masiku asanu.

Pamaliro anthu anayamika alamu kuti anadyetsa m'bale wawo komaliza. Za ine amati ndinamana mkazi chakudya. Kumudzi kwa alamuwo sindipondako, iwonso kuno safika, ndipo kachewere ndimakumba ndekha.

Chimene sindiuza munthu n'chakuti m'masiku awiri aja mayi anandipempha madzi kasanu ndi kamodzi. Ndinakana konse. Ndinkangowanyowetsa milomo ndi kansalu, iwo n'kutembenukira kukhoma.