Tenisi Imene Simunaimalize, Ababa

Ababa, mpikisano wa tenisi uja wafikanso kumapeto, ndipo mtima wanga uli kwa inu. Chaka chatha munali chigonere kwathu ku Domwe, ine nditakugwirirani telefoni, tikuonera masewero olowera ndime yotsiriza. Mtsikana amene munkamuchemerera atayamba kutsalira, ndinafuna kuzimitsa kuti mupume. Munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Usazimitse mwanawe, ndimuone mpaka amalize." Atapambana munaseka mpaka kutsokomola, kenako munati, "Loweruka ugule mamega a intaneti okwanira, tidzaonere ndime yotsiriza."

Loweruka lakelo tinali kumanda, kukuperekezani. Zotsatira ndinazimva patapita masiku, ndipo ndinasowa womuuza. Usani mumtendere ababa, koma dziwani kuti mtsikana wanu uja anatenga chikho.