Chaka Chimene Mpheta Zinanenepa

Panali phale lakuda limene amayi anapanikiza pamphanda ya mtengo wa nachesi, kuseri kwa nyumba yathu kwa Kanduku. Juni aliyense, chiperoni chikayamba kuwaza, ankaikamo mtedza wosinja ndi njere za mpendadzuwa kuti mbalame zidye. Wokazinga ndi mchere ankakaniza, wachuku ankataya. "Gaga amangodzaza mimba," ankatero, "chofunda cha mbalame ndi mafuta." Aphunzitsi atanena zomwezo m'kalasi, kuti kambalame kakagona kopanda mafuta m'thupi sikadzuka, ndinayenda modzitukumula sabata yonse.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 3 mtedza unakanika, ndipo amayi anadwala. Anawonda mpaka chitenje chinkawazungulira kawiri. Amalume, amene ankatisamala chimwalirire abambo, ankawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala, mapiri onse aja, n'kubwera ndi timapaketi ta chiponde. Anachita kunenetsa kuti akadzaona kuti mlongo wawo wasiya kudya, adzapita naye kuchipatala chachikulu kuboma kuti akamugoneke.

Phale linakhala lopanda kanthu. M'mawa wina ndinatola mpheta ziwiri pansi pa mtengo, zouma gwa, timiyendo titapindika. Ndinakawaonetsa amayi ndikulira. Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anasolola paketi ya chiponde pansi pa mphasa.

"Kasakanize ndi gaga, ukaike m'phale. Paketiyo ubwere nayo."

Tinatero tsiku ndi tsiku. Ndimakumbukabe fungo lake lotsekemera m'zala zanga zozizira. Kunabwera mpheta, atimba, ngakhale apumbwa osusuka aja. Ndinkawakokera amayi mphasa pakhomo kuti aziona, ndipo ankamwetulira milomo ili yosweka. Phala ankangolawa n'kukankhira kumbali, koma ine maso anali kumtengo.

Madzulo amalume ankabwera, n'kuona mapaketi opanda kanthu pambali pa mphasa. "Bola mukudya, achemwali," ankatero, n'kubwerera kwawo mtima uli m'malo. Ine ndili pomwepo, duu. Palibe anandiuza kuti ndibise, komanso palibe anandifunsa. Pano ndili ndi ana angaanga, ndipo ndayesetsa kumukhululukira mtsikana uja amene ndinali ine, koma zimandivuta.

Amayi anamwalira nyengo yozizira isanathe. Azimayi amene anasambitsa thupi ndiwo anauza amalume kuti m'kamwa monse mpaka kummero munali zilonda, moti munthuyo sakanatha kumeza kanthu kwa masabata. Amalume anakhala pansi pafumbi, n'kufunsa kuti nanga chiponde chija ankadya ndani.

Ndinawayankha ndine, pamaso pa anthu onse, ndipo ndinayankha monyadira. Ndinawauza kuti chaka chino sikunafenso mbalame ina, zonse zanenepa. Sindinkadziwa kuti amayi anali atatopa ndi njinga ndi zipatala, ndipo anasankha kufera pakhomo pawo kudzera m'manja mwanga. Ndinangodabwa kuti amalume, m'malo mondiyamikira, anaphimba nkhope ndi chipewa.