Laston Awotcha Mwala Wake

Laston anabadwira ku Jenala, koma ukwati unamukokera m'munsi mwa phiri la Michesi, kwawo kwa Zelifa. Pantchito munthuyu sankasereula ayi. Chinangwa chake chinkatupa mpaka kung'amba mizere, ndipo mtolo wake wa nkhuni unali woti anthu awiri agawane. Matenda ake anali amodzi: chabwino chikagwera mnzake, Laston ankawonda.

Ndiye tsoka ilo, mng'ono wake wa Zelifa anakwatiwa ndi Goodman, nyumba zawo n'kuyang'anizana makomo. Goodman anali wa miyala. Ankakwera phiri ndi chitsulo ndi thumba, n'kumakumba m'ming'alu ya matanthwe miyala ija yosongoka, yowala ngati galasi koma mkati muli bii ngati munatsekeredwa utsi. Ogula a m'tauni amakasemera mikanda ndi ndolo. Posakhalitsa malata anali mbee pa nyumba ya Goodman. Dzuwa likawomba, kuwala kwake kunkalowa mpaka m'nyumba yaudzu ya Laston, iye n'kumadya atafulatira khomo. Nsanje inkamudya mwana wamwamuna, osati masewera.

Zelifa nayenso sankabisa mawu. "Wamkulu ndine, koma ndikudontheredwa mvula mng'ono wanga akugona pouma. Dzinja likatipezanso mu udzu muno, bambo, mubwerera kwanu."

Mkamwini akauzidwa choncho saseka. Laston anayamba kukwera phiri mozemba, kudzera njira ya kuseri kuti asakumane ndi Goodman. Miyezi inatha akutola tizidutswa. Kenaka tsiku lina, pansi pa mizu ya mtengo wogwa, anasolola chimwala chotalika ngati mkono, nsonga yake yosabenthuka, mkati mopanda mng'alu ngakhale umodzi. Utsi wake unali wopepuka, ngati tiyi wochepa masamba.

Goodman atauona mwalawo anagwira pakamwa. "Alamu, uwu ndiye mwala! Musauchite kanthu, mungoutsuka ndi madzi basi. Wogula ndikakuitanirani ine."

Mawu abwinobwino amenewa Laston anawatembenuza. N'chifukwa chiyani akuti ndisauchite kanthu? Yake ija ndi yakuda bii, wangawu ndi wotuwa. Akufuna wogula adzaone kusiyana, apongozi azinenabe kuti katswiri pamudzi pano ndi Goodman. Aa, ine si mwana!

Laston ankadziwa kuti chimanga chambewu chikapachikidwa kukhitchini chimada ndi utsi. Anapachika mwala wake pomwepo. Mwaye unagwira kunja, koma atapukuta, mwala uli mwakale. Ndiye kuti utsi uyenera kulowa mkati, anatero mumtima. Tsiku limene Zelifa anatereka kalongonda, nyemba zija zofuna moto wa tsiku lonse, Laston anadikira mkazi wake apite kukatunga madzi. Anakwirira mwala m'makala pansi pa mphika, n'kusonkhezera nkhuni mosaumira.

Thee! Kachiwirinso, thee!

Anafukula ndi mtengo. Mwala uja unali utayera mbuu ngati mchere, utasweka zidutswa, utsi wonse utathawamo.

Madzulo a tsiku lomwelo Goodman anatulukira thukuta lili kamukamu, atakweza wogula pa keliyala ya njinga kuchokera ku Migowi. Anthu anasonkhana. Apongozi anayala mkeka chapatali, Zelifa anavala chitenje chatsopano.

"Tulutsani, alamu," anatero Goodman, "aone chimene ndakhala ndikuwasimbira njira yonse."

Laston anatuluka ndi lichero, maso ali pansi. Wogula anatola chidutswa chimodzi, n'kuchibweza pomwepo. "Mwauwotcha uwu. Miyala imeneyi ikalawa moto imayera. Pano palibe chogula."

Goodman anakhala pansi, manja m'mutu. "Alamu, mwatani kodi? Chiyambire kukwera phiri lija sindinakumbepo wofika pamenepaja. Unali woposa yanga yonse."

Mawu amene Laston anawalakalaka zaka zonsezi ndi amenewo, ndipo ananenedwa apongozi akumva. Anamuwawa kuposa kutukwanidwa.

Zelifa sanakalipe. Anayang'ana lichero, anayang'ana denga lake laudzu, kenaka anatembenukira kwa Goodman.

"Alamu, mukatula alendowa mubwerenso ndi njingayo. Awa muwaperekeze kwawo, ku Jenala n'kutali."