Madzi Obiriwira a Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anamwalira, ndipo sindinalire. Amayi a kumpingo ankandiyang'ana cham'mbali n'kumanong'onezana kuti mwanayu ndi wouma mtima. Ine ndinkangomva ngati mwendo wochita dzanzi: ukuuona kuti ndi wako, koma ukautsina, zii.

Bambo ankadula magalasi a mawindo pa Migowi. Zidutswa zotsala anazimata n'kupanga kathanki kamene kankakhala pakhonde pathu, momwe ankawetamo timakumba togwira kumtsinje. Odutsa ankawaseka. "Achimwene, ndiwo mpaka kuziika m'galasi? Tipatseni tikazinge!" Madzi ake anali obiriwira, a ndere, onunkha matope. Asanadwale anamaliza kumata thanki ina yaikulu, yoti ine ndikanatha kugonamo, koma nsomba sanazisamutse. Ndikawakakamiza ankangoti, "Nsomba sithamangitsidwa, Esinta."

Tsiku losesa pambuyo pa maliro, amayi anali chikhalire pamphasa m'nyumba. Ntchito yonse anaigwira ndi azakhali a ku Blantyre, mlongo wawo wa bambo, munthu waukhondo woopsa. Anachapa mabulangete, makatani, ngakhale zitseko. Atafika pakhonde anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Achimwene ankasunga zamoyo m'chithaphwi chimenechi?"

Anakwecha thanki yatsopano ija ndi sopo waufa mpaka inawala, n'kuidzaza madzi a pamjigo. Nsomba anazitunga ndi mbale n'kuziponyamo. Madzi akale anakawakhuthulira pa mtengo wa papaya. Ankachita zimenezi misozi ili m'maso, poganiza kuti akumalizitsa ntchito ya mlongo wawo.

Ndinakhala pansi n'kumayang'ana. Poyamba nsomba zinkathamanga uku ndi uku. Kenako zinayamba kukwera pamwamba, kukamwa yasa. Ina inatembenuka, mimba yoyera kumwamba, inzake n'kutsatira. Ndinkadziwa kuti zikufa, ndinkadziwanso kuti pa zinthu zonse zimene bambo anasiya, zopuma zinali zomwezi. Ndinayenera kukuwa. Koma ndinkangoyang'ana ntchentche imene inkayenda m'mphepete mwa galasi.

Amalume a Layisoni anafika panjinga kuchokera ku Chiringa dzuwa lili pamutu. Atasuzumira m'thankimo sanapereke ndi moni womwe.

"Alamu, madzi akale aja ali kuti?"

"Ndataya. Anali uve wokhawokha."

Mwamwayi kathanki kakale kanali kasanatsukidwe, ndipo pansi pake panatsala timadzi ta matope. Amalume anapinda malaya, natola ndi manja zimene zinkapumabe, n'kuzibwezera m'timadzi tomweto. Zambiri zinali zitapita kale. Tiwiri tokha ndi timene tinadzuka n'kuyamba kupukusa michira.

Madzulo ake akuluakulu anakhala pabwalo kukambirana za ine. Azakhali anati anditenga m'mawa mwake, kuti kwawo kuli sukulu yabwino ndi chipinda changachanga, ndipo ndisanyamule kanthu chifukwa zonse akandigulira zatsopano. Ine ndinali pomwepo, ndikumva ngati akunena za mwana wa eni.

Amalume analoza kukhonde. "Alamu, thanki ija ndi yabwino, palibe akukana. Koma mwaona nokha. Mwanayu apita, inde, koma osati mawa. Ndipo popita atengeko madzi ake."

Azakhali anadzuka kukamalizitsa zochapa, ndipo ndinawaona akutuluka m'nyumba atanyamula jekete la bambo, lija linkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko. Beseni la thovu linali likudikira. Sindikudziwa kuti ndinadzuka bwanji. Ndinangopezeka ndalikoka, ndakwirira nkhope m'menemo. Munali fungo la thukuta lawo, la fumbi la pa Migowi, la zomatira magalasi. Mawu amene anatuluka pakhosi panga sindinawazindikire kuti ndi anga. Amayi anatuluka m'nyumba koyamba tsiku limenelo, nandigwira, tonse n'kugwera pansi.

Ku Blantyre ndinapita chaka chitatha, jekete lili m'chikwama. Tinsomba tija amalume anatisamutsa okha, atatsukuluza thanki kambirimbiri, n'kumathira madzi atsopano pang'onopang'ono pamwamba pa akale. Azakhali anandilera bwino, Mulungu awadalitse, ndipo sindinawasungire mangawa. Sankadziwa kuti zimene wina akuziona ngati uve, mwina mnzake akupumira momwemo.

Chaka chatha mng'ono wanga, amene anali wakhanda pamene bambo ankamwalira, anatisiya, ndipo kamwana kake kanabwera kudzakhala kwathu. Kanafika ndi chitenje cha mayi ake, chakuda bii, chonunkha utsi. Kamagona nacho, kamadya nacho, ndipo sikanalirebe. Alendo akabwera amachiyang'ana chitenjecho, kenako n'kundiyang'ana ine. Ayang'ane. Sopo ndili naye, koma ndikudikira mwini wake anene.