Nsapato zopanda matope

Bambo, lero mwandibwerera m'maganizo. Kwabwera mkulu wina ndi pepala, akuti tonse okhala ndi mfuti kuno kwa Mwambo tilembetse m'bungwe loti lizitiyankhulira. Ndisanamuyankhe ndangopezeka ndikuyang'ana kumapazi kwake, ndipo ndakumbuka tsiku lija, nthawi ya chipani chimodzi. Tinali pakhonde masana, inu mukupukuta mfuti yanu yothamangitsira mvuu m'munda wa mpunga. Panafika mlendo panjinga, nati ndi mlenje mnzanu, akuchokera kumadambo a ku Likangala, ndipo akusonkhanitsa papepala mayina a eni mfuti kuti boma lisadzawalande. Munamupatsa mpando ndi madzi akumwa, kenako munati, "Pepani achimwene, ine kulemba sindidziwa." Inu amene munkawerenga Baibulo kutchalitchi Lamulungu lililonse! Atachoka ndinakufunsani chifukwa chake, inu n'kungoti, "Dzinja lino, munthu wochokera kudambo nsapato zake n'kumawala chonchija?"

Anzanu aja a Mussa analembetsa, nakutchani wamantha. Pasanathe mwezi, anthu a yunifomu anayenda khomo ndi khomo, pepala lomwe lija lili m'manja. A Mussa anawatenga pamodzi ndi mfuti yawo, ndipo anabwerako patapita zaka, mano atatha m'kamwa. Lero anzanga akuti nthawi zinasintha, akuti munthu payekha mawu ake samveka. Kaya, mwina n'zoona. Pumulani, Bambo, musade nane nkhawa. Mkulu wa leroyu nsapato zake zimawala, ndipo ine mwana wanu, mphunzitsi wopuma, ndamuuza kuti magalasi anga anasweka.