Mutu wa a Madamu Unkawawa Loweruka Lokha

A Madamu anafika kwathu nyengo ya chiperoni, ine ndili Fomu 2. Anali mzungu wamkazi, wamtali, wochokera kudziko lozizira, ndipo anadzipereka kudzaphunzitsa masamu pa sekondale yathu yoyendera popanda malipiro. Nyumba za aphunzitsi zinali zodzaza, choncho akuluakulu a sukulu anapempha abambo kuti mlendoyo azikhala kwathu, m'chipinda chimene achimwene anasiya atapita kukagwira ntchito ku Limbe. Abambo sanachedwe kuvomera. Amakonda alendo, makamaka mlendo woti sanamvepo nkhani yawo ija.

Nkhani yake ndi iyi. Abambo ndi kalaliki pa esiteti. Tsiku lonse amakhala pa sikelo kuyeza madengu a anthu othyola tiyi, ndipo pobwera kunyumba malaya awo amanunkha masamba aawisi. Koma kwathu ndife a Sabata: tiyi sitimwa, khofi sitimwa. M'mawa timamwa soya wokazinga, wosinja, wowiritsa m'ketulo mpaka kuda bii. Ndiye abambo, amenenso ndi mkulu wa mpingo, ankanyadira kwambiri. "Zaka zonsezi ndikuyeza tiyi," ankatero, "koma dontho lake silinafikepo pa lilime langa." Ankanena zimenezi kutchalitchi, pamaliro, mu minibasi ya ku Luchenza. Tsiku loyamba lomwelo anawauza a Madamu, m'Chingerezi, kawiri. Ine ndinali nditazimva mpaka makutu kutopa.

A Madamu anabwera ndi neti, mapiritsi a malungo, ndi kope lachikuto chobiriwira. Bungwe limene linawatumiza linawalamula kuti azilembamo tsiku lililonse: zimene adya, makapu a madzi owiritsa amene amwa, ngati ameza piritsi, ngakhale kangati apita kuchimbudzi. Kumunsi kwa tsamba ankaonjezera zakukhosi kwawo. Ndikudziwa chifukwa ndinkaliwerenga ndikamasesa m'chipinda mwawo. Musandiyang'ane choncho. Aphunzitsi a Chingerezi ankatiuza kuti tiziwerenga chilichonse chimene tapeza.

Masabata oyambirira munali mawu amodzimodzi: mutu, kutopa, mutu. Mawu a Chichewa amene anayamba kuwatchula bwino anali akuti "ndatopa". Njira ya kusukulu imakwera chitunda pakati pa minda ya tiyi, dothi lofiira loterera, mvula yowaza yosaleka. Iwo ankaima pakati pa chitundacho, manja m'chiuno, n'kumayang'ana tiyi amene wayala mapiri onse mpaka kumene maso alekezera. Tsiku lina analemba kuti kwawo ankamwa khofi katatu pa tsiku, koma pano sangapemphe chifukwa akuopa kukhumudwitsa eni nyumba. Ndinawerenga, n'kupitiriza kusesa. Sindinaganizepo kanthu.

Chimene ndinachita sindinachitire iwo. Ndinkafuna kutchera abambo msampha.

Ntchito yokoleza mbaula ndi kuwiritsa soya inali yanga, chifukwa amayi ndi namwino ndipo amanyamuka m'mamawa kupita kuchipatala. Iwo soya samwa, amati amawatentha pamtima. Ndinali ndi mnzanga m'kalasi amene mayi ake amathyola tiyi, ndipo kwawo sikusowa tiyi wa fumbi, wakuda uja amene antchito amapatsidwa ku fakitale. Ndinamupempha pang'ono. Anandibweretsera m'kapepala ka shuga, akucheukacheuka ngati wanyamula chamba.

Lamlungu m'mawa ndinathira masupuni awiri m'ketulo, n'kuonjezera soya wopserera kuti fungo libisike. Ndinasefa bwinobwino, n'kupereka patebulo, maso pansi ngati mwana woleredwa bwino.

Abambo anamwa. Anatafuna chinangwa. Anamwanso.

"Iwe, soya ameneyu wakazinga ndiwe?"

"Eya, abambo."

"Wayamba kudziwa ntchito tsopano. Thira wina."

Ndinathawira kuseri kwa khitchini, n'kuluma chitenje kuti kuseka kusamveke. Zaka zonse zija zinathera m'kapu yapulasitiki, Lamlungu, pamaso pa mlendo.

Ndikanalekera pomwepo, koma zinali zokoma kuonerera. Abambo anayamba kuimba nyimbo za m'buku akupolisha nsapato. Chitunda chimene ankakankha njinga anayamba kuchikwera akupalasa. A Madamu nawonso anatsitsimuka. Anasiya kuima panjira, m'kalasi choko chinkathyoka ndi liwiro, ndipo m'kope muja analemba kuti soya wa ku Malawi ndi mankhwala, adzatengako popita kwawo. Ine ndinkangoonjezera masupuni.

Vuto linabwera ndi Sabata. Kwathu zophika zonse zimatha Lachisanu dzuwa lisanalowe. Loweruka sitikoleza moto, timadya zozizira ndi kumwa thobwa. Ndiye kuti tsiku limenelo ketulo yanga inkapuma.

Pofika nthawi ya ulaliki, abambo, amene amakhala pa benchi yakutsogolo ndi akulu anzawo, ankatikita pamphumi ndi chala, maso ali psuu, kuyasamula mobisa kuseri kwa Baibulo. A Madamu ankapirira mpaka pemphero lomaliza, kenaka n'kukagona chafufumimba, nsalu yonyowa ili pakhosi. Lamlungu m'mawa akamwa soya, onse awiri ankadzuka ngati sipanachitike kanthu. Abambo ankati ndi ukalamba, ndipo ankabisa, poopa kuti anthu anena kuti mkulu wa mpingo amadwala ulaliki. Koma a Madamu analibe kobisa. Zonse zinkalowa m'kope.

Amayi anawatenga a Madamu magazi kuchipatala: malungo mulibe. Patapita masabata awiri anawatenganso: mulibe. Anawasinthira pilo, anawaletsa mapeyala, anawauza kuti kutchalitchi azikhala pafupi ndi zenera. Amayi ankabwera kuntchito miyendo itatupa, n'kukhalanso pansi kufunsa mlendo mafunso omwe aja. M'nyumba monse munalowa kutopa. Ngakhale ine ndinatopa, chifukwa Loweruka lililonse ndinali wotumidwa kukanyowetsa nsalu.

Kenaka a Madamu anapita ku Blantyre, kumene namwino wa bungwe lawo ankawerenga kope lija mwezi ndi mwezi. Anabwerako madzulo, nsapato zili matope okhaokha, n'kukhala pakhonde osavula chikwama kumsana.

"Amayi, akuti mutu ukabweranso mwezi uno, ndipite kwathu. Akandipime kumeneko."

"Mukapita mudzabweranso?" anafunsa amayi.

Anapukusa mutu. Anati anasiya ntchito kwawo, anatsanzika abale kuti abwera pakatha zaka ziwiri, ndiye akafike patangotha miyezi itatu? Nanga a Fomu 2, amene mayeso awo ayandikira, awasiyira yani? Sanalire. Anangokhala, kuyang'ana thirakitala imene inkatsika ndi masamba kupita ku fakitale, mpaka amayi anawavula chikwama chija ngati mwana wa sitandade wani.

Mawa lake ndinadzera kwa mnzanga uja kukatenga fumbi lina. Mayi ake anali atangoweruka, akumasula pulasitiki imene othyola amamanga m'chiuno kuti mame asawanyowetse. Ndinawafotokozera za matenda a mlendo wathu.

"Wati Loweruka lokha?"

"Lokha."

"Nanga fumbi ukutenga kunoli, Loweruka umathira?"

"Sitikoleza moto."

Anaseka mpaka kugwira chipupa. "Iwe mwana wa a kalaliki, sukulu yako ikukuthandiza chiyani? Umenewo ndi mutu wa tiyi! Ife tsiku limene tiyi wa kumunda sanabwere, pofika masana tonse timakhala tagwira mitu. Wawazoloweza wekha, ndiye Loweruka ukuwamana."

Nanenso ndinaseka mpaka kukhala pansi. Koma pobwerera, njira inanditalikira. Kuulula kunali kosatheka. Kusiya kuthira kukanawagoneka onse awiri sabata yathunthu, ndipo a Madamu akanakwera ndege. Ndinaona kuti njira ndi imodzi: mankhwala asadumphe tsiku.

Lachisanu masana tinawiritsa tiyi wamphamvu kwa mnzangayo, n'kuthira m'botolo la sikwashi. Soya anali wochepa, tinangowaza. Loweruka, pa kanthawi kopuma ulaliki usanayambe, ndinawakodola a Madamu kuseri kwa tchalitchi.

"Madamu, ndakusungirani soya wa dzulo. Ngozizira, koma imwani."

Anamwa theka la botolo osapuma. Tsiku limenelo anaimba nawo nyimbo zonse, Chichewa chawo chopindikapindika, masana n'kupita ndi amayi kukaona odwala. Abambo ndiye anali pa benchi yawo, chala pamphumi. Ndinawamvera chisoni pang'ono, koma botolo linali limodzi.

Chimene ndinaiwala n'chakuti a Madamu salola kanthu kudutsa pakhosi pawo osakalemba.

Lamlungu masana anatulutsa kope lija mokondwa, kuti amayi aone Loweruka loyamba lopanda mutu. Anakhala pamkeka, ine ndikusenda nandolo chapafupi. Amayi anavala magalasi. Anatsegula masamba am'mbuyo, chala chikutsika pang'onopang'ono monga amachitira ndi makadi a odwala. Loweruka: thobwa, mutu. Loweruka linalo: thobwa, mutu. Dzulo: thobwa, soya wa m'botolo, mutu palibe. Anabwereranso kumayambiriro, kumene mutu unali wa tsiku ndi tsiku, n'kupeza Lamlungu limene unalekera. Pamenepo a Madamu anali atalemba kuti lero soya wakoma mwachilendo, abambo amwa makapu awiri.

Amayi anavula magalasi.

"Iwe. Botolo lija lili kuti?"

"Ndatsuka, amayi."

"Sunatsuke, chifukwa iwe sutsuka kanthu usanauzidwe. Katenge."

Ndinabwera nalo. Anatsegula, n'kununkhiza kamodzi kokha. Amayi sanabadwire m'Sabata, analowa pokwatiwa, ndipo anakulira m'nyumba za antchito pa esiteti. Fungo limenelo amalidziwa ngati dzina lawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinaona milomo yawo ikunjenjemera, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti kunali kuseka, ngakhale iwo amakana.

"Bambo a ana, tabwerani kuno."

Abambo anatulukira ali ndi wailesi m'manja. Amayi anawapatsa botolo. Iwo ananunkhiza, n'kunena kuti ndi soya.

"Ndi tiyi ameneyu. Mwakhala mukumwa miyezi iwiri, makapu awiriawiri."

Abambo anazimitsa wailesi. Anakhala pa mpando pang'onopang'ono, ngati munthu amene wayenda pansi kuchokera ku Boma. Ndinkayembekeza mkuwo, kapena lamba. Koma anangofunsa ndi mawu otsika:

"Ndiye mphamvu zija zokwerera chitunda sizinali zanga?"

A Madamu ankayang'ana uku ndi uku, chifukwa Chichewa chinawathamangira. Amayi atawamasulira, anagwira pakamwa, kenaka anagona chagada pamkeka, kope lili pachifuwa, n'kuseka mpaka misozi kulowa m'makutu.

"Sindikudwala," ankangobwereza. "Amayi, sindikudwala!"

"Pepesa kwa abambo ako," anatero amayi.

Ndinagwada, n'kunena kuti pepani. Amayi anati nkhope yanga sikugwirizana ndi mawuwo, ndibwereze. Ndinabwereza katatu, nkhope osasintha. Ndikanaisintha bwanji? Mlendo ndinamudwalitsa ndine, inde, koma amene anamuchiritsa poyamba ndani?

Mawa lake a Madamu anapita ku ofesi ya esiteti kukaimba lamya ku Blantyre. Anatiuza kuti namwino uja anawauza kuti azimwa kapu imodzi tsiku lililonse, Loweruka lomwe, ndipo asiye kumuvutitsa. A Madamu anakhala zaka zawo ziwiri zonse. M'nyumba mwathu tiyi sanalowenso, koma popita kusukulu ankadzera pakhonde pa mayi a mnzanga uja, amene ankawasungira kapu yachitsulo, ndipo Lachisanu ankawadzazira fulasiki ya Sabata, yokamwera kuseri kwa nthochi. Kope lija anayamba kulitsekera m'sutikesi.

Amene anavutika ndi abambo. Mlungu wonse wotsatira mutu unawagwira, osafuna wailesi, osafuna kulankhulitsidwa. Njinga anayambanso kuikankha pachitunda. Nkhani ya dontho ndi lilime sanainenenso, ngakhale mu minibasi, ndipo anthu a kumpingo amati a mkulu afatsa masiku ano.

Chilango changa chinali chakuti ndisadzagwirenso ketulo. Amayi anayamba kuwiritsa okha soya asananyamuke, ine n'kumagona mpaka kuyere. Sindinadandaule.

Patapita mwezi, tili patebulo m'mawa, abambo anamwa soya wawo, n'kuyang'ana m'kapu nthawi yaitali. Anapumira m'mwamba.

"Soya wa chaka chino ngofooka," anatero.

A Madamu anatsamwa ndi chinangwa. Ine ndinatuluka kukafuna chitenje choluma.